Tirigu pa Mabedi Anga a Repu

Lolemba
Sabata yachitatu tirigu wa bambo a Misozi ali pa mabedi anga awiri a repu. Chiwachotsereni ntchito ku fakitale ya feteleza, asanduka mlimi. Anamwaza chidebe chonse cha mbewu! Akuti, "Mbewu zambiri, buledi wambiri." Wamera ngati tsitsi, woonda, wachikasu. Kumsika tebulo langa lilibe kanthu.
Pangano: Sondo kubwera achimwene anga ogwira ntchito pa famu ya tirigu. Akati ndi wachabechabe, mabedi abwerera kwa ine. Ndi wachabechabe kale, koma ndimuthandizako pang'ono.

Lachiwiri
Bambo apita ku Lusaka kukasaka ntchito. Ine pa bedi lakumpanda, kuzula apa, kuzula apo, kuti asazindikire. Beseni lodzaza. Mtima mbee!

Lachitatu
Ndazulanso. Ndatsegulira nkhuku za aneba, amake Mutinta. Zimene zachita: kupalasa dothi, kudya chiswe, kusiya zitosi. Tirigu osamukhudza n'komwe. Zitsiru za nkhuku!

Lachinayi
Madzi otsukira nsomba za ku Chanyanya, khuthu pa bedi lomwelo. Aole basi. Fungo mpaka kumsewu.

Lachisanu
Mayo ine! Bedi ndikulizunzali layamba kubiriwira. Mmera uliwonse wotsala ukutulutsa ana m'mbali. Amake Mutinta pampanda: "Shani, ba neba, mwaikako chani? Yawama!" Kumuyamikira tirigu! Ndangoti zikomo, mano ali gwa.

Loweruka
Bambo sakuchoka pakhomo. Akhala pa mpando, kuyang'ana tirigu, kuimba nyimbo za kwaya. Ndazula mothamanga ali kubafa. Msana ukuwawa, ukali ukundipweteka.

Sondo
Tachokera kutchalitchi, achimwene afika. Bedi limene sindinakhudze: "Alamu, apa mwapanikiza. Akulimbirana dzuwa ndi chakudya, adzagwa, ngala zake zidzakhala zazing'ono." Ine kumwetulira.
Bedi lakumpanda, agwada pansi: "Koma apa! Mpata wake ndi uwu. Musayerekeze kuchotsa tirigu ameneyu."
Mchimwene wanga weniweni, bere limodzi!
Repu watha basi. Atapita alendo, bambo andipatsa beseni mwaulemu: "Amake Misozi, Lachiwiri ndinabwerera pa siteshoni, basi inandisiya. Ndinakuonani. Dzanja lanu ndi labwino. Mawa muyambe bedi linalo."
Ndalandira beseni.