Katundu wa a Maliseni Wochokera ku Joni

Mwambi wa mbuzi uja, umene ana inu mumangoutchula osadziwa mwini wake, unayamba motere.

Ku Phalula, kuseri kwa msika, kunali mkamwini wina dzina lake a Maliseni. Anakwatira Nasibeko, mayi wolimbikira, wogulitsa tomato pamsewu. Pakhomo paja chilichonse chinali cha mkazi. Nyumba ya Nasibeko, munda wa Nasibeko, ngakhale mpando umene a Maliseni ankawotherapo dzuwa unali wa malemu apongozi awo. Chawochawo chinali jekete la bulawuni ndi kafoni kamabatani komanga ndi mphira.

Panalinso mbuzi yamkota, yakuda bii, ya banga loyera pamsana. Nasibeko anapatsidwa ndi amalume ake, a Gwaza, atawadwazika bwino, ndipo ankati ikaswa ndiye chiyambi cha khola lake. Mbuzi imeneyi ndi a Maliseni ankadana ngati akazi a pamitala. Iyo inawatafunira kolala ya jekete lili pachingwe, iwo akangoiona ankatola chibuma.

A Maliseni anali ndi mng'ono wawo, Layisoni, amene anapita ku Joni kalekale n'kutchona. Ngakhale sopo sanatumizepo. Koma mukawapeza a Maliseni pa bawo, nkhani ya mvula, nkhani ya mpira, nkhani ya maliro, zonse zinkathera pa "mng'ono wanga wa ku Joni."

Tsiku lina Nasibeko anapita kumaliro ku Ntcheu, kokagona. M'mawa mwake kafoni kaja kanalira. Nambala yachilendo.

"Halo, ndikulankhula ndi bwana?"

A Maliseni anacheuka kuona ngati kumbuyo kwawo kwaima munthu wina. Chibadwire palibe anali atawatchulapo bwana. Anakonza kukhosi.

"Ee, ndi bwana amene."

"Bwana, ine ndine dalaivala wa thiraki. Ndanyamula katundu wanu kuchokera ku Joni. Wandipatsira m'bale wanu uja... aa, dzina landithawa, kutopa ndi ulendo..."

"Layisoni!"

"Yemweyo! Layisoni."

"Wamfupi, wa mpata m'mano?"

"Mpata wake ndi womwewo, bwana. Akaseka mpaka lilime limasuzumira. Ndipo sakamba za munthu wina, koma achimwene anga, achimwene anga."

Mtima wa a Maliseni unachita kuti myaa. "Ndiye watumiza chiyani mwanayo?"

"Zambiri, bwana. Inu munkamupempha chiyani?"

"Ndinkamuuza za njinga yamoto..."

"Ilimo. Yofiira psuu."

"Nanga malata?"

"Alimo. Andichekanso chala pokweza."

Chilichonse chimene a Maliseni anatchula chinalimo. Ngakhale firiji, imene anangoitchula moyesa popeza kwawoko kunalibe magetsi, inalimo, ya zitseko ziwiri. Katundu ankalongedza okha ndi pakamwa pawo, mnzawo uja ntchito yake inali yovomera basi.

"Vuto lilipo limodzi, bwana," anatero wa pafoniyo, mawu atatsika. "Ndili pa boda, katundu wanu akufuna msonkho. Mukapanda kutumiza dzuwa lisanapendeke, amutsitsa n'kumugulitsa kwa ena. Komanso musauze munthu. Mukuwadziwa anthu akumudzi. Wina anaulula msanga, wailesi yake inafika itasanduka njerwa."

Apo ndiye anawafika pamtima, chifukwa a Maliseni anthu ansanje a m'mudzimo ankawadziwa mayina awo onse.

Anapisa m'matumba a jekete, anapezamo chipeso. Anasuzumira pansi pa matiresi, Nasibeko anali atanyamula ndalama zonse kukapereka chipepeso. Atatuluka panja, maso awo anakumana ndi a mbuzi.

"Mbuzi imodzi n'chiyani?" anadzifunsa. "Njinga ikayamba kabaza ndimugulira khola lathunthu. Nasibeko akabwera andigwadira, ndipo a Gwaza ayamba kundipatsa moni ndi manja awiri."

Anatumiza uthenga kwa Che Ajusa, okazinga nyama pachiwaya cha pamsewu. Koma mbuzi itaona a Maliseni akuisendera inathawira kuseri kwa bafa. Ndiponso ogula mbuzi amayamba kugwira mimba. Choncho a Maliseni anatapa madeya, anathiramo mchere wambiri kuti imwe madzi ifufume, anathyolanso mpiru wa m'dimba la Nasibeko umene mbuziyo inkaulakalaka chaka chonse.

"Bwerani, mayi. Bwerani, dona. Zakale zija tiiwale. Kolala ndi chiyani pa chibale?"

Mbuzi inanunkhiza, inawayang'ana, inanunkhizanso. Kenako inagwa m'mbale. Inadya, inamwa, mimba inachita kuti ndendende. A Maliseni anaikanda pakhosi, iyo inayamba kudumphadumpha pabwalo ngati kamwana, kukwera pamtondo, kutsika, kudzikhula pa thalauza lawo.

Pampanda panali diso. Anali Nankhoma, msuweni wa Nasibeko, mayi woti chimene waona m'mawa, masana chafika kuchigayo.

"Alamu, mwayanjana liti ndi adani anu?"

"Mlamu, chaka chino muona zinthu," anayankha a Maliseni akugwedeza mapewa. "Sindikuuzani kanthu. Koma mundifunsire amene ali ndi magetsi, pali chinthu cha zitseko ziwiri chofuna posungira."

Che Ajusa anafika ndi chingwe chawo. Anagwira mimba, anaona mwini malonda akungoyang'ana dzuwa, anatchula mtengo wa tonde wodwala. A Maliseni anavomera mawu asanathe. Mbuzi inatuluka pachipata ikutafunabe mpiru, mchira uli pikupiku.

Pa kanyumba kotumizira ndalama, ejenti wake, mtsikana wotchedwa Esinta, anadina nambala n'kukweza nsidze.

"Bambo, mwati dalaivala ndi mwamuna? Apa patuluka dzina la mzimayi."

A Maliseni anapatuka n'kuimba. Anabwerera akumwetulira. "Akuti ndi ya akazi awo."

"Nanga mng'ono wanuyo mwamuimbira kuti atsimikize?"

"Ya ku Joni imadya mayunitsi, mwana iwe."

"Bwerani ndikuimbireni pa yanga, ulere. Masiku ano akuba ambiri akubera pafoni. Wakuuzani kuti fulumirani, musauze munthu, si choncho?"

A Maliseni anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Wadziwa bwanji? Nsanje ija yayambapo, anatero mumtima. Uyu ndi mmodzi wa osandutsa mawailesi njerwa.

"Iwe ntchito yako ndi kudina. Dina."

Esinta anadina.

Masana a Maliseni anali pa siteji, jekete atamanga mabatani onse, ngolo ya ng'ombe imene anachita hayala yonyamulira katundu ataiimika pambali. Nankhoma anali atagwira kale ntchito yake, moti anthu anadzaza ngati pabwera gule. Thiraki iliyonse ikatulukira, a Maliseni ankaimirira n'kukweza dzanja ngati wapolisi. Thiraki inkadutsa n'kuwathira fumbi.

"Si imeneyo," ankatero. "Yanga ndi yaikulu."

Foni inaliranso. "Bwana, ndadutsa pa boda, koma tayala laphulika pa Zalewa. Katundu wanu walemera, makamaka firiji. Onjezani kangachepe."

A Maliseni ananyadira kumva kuti katundu wawo waphulitsa tayala. Anathamangira kwa Esinta ndi zotsala zonse, ngakhale zimene anasungira mwini ngolo.

Dzuwa linapendeka. Anaimba, foni inangolira. Anaimbanso, mawu a mzimayi wa m'makina anati nambalayo sikupezeka. Anapukuta kafoni pa jekete, anakachotsa batire, anakapemerera, anaimbanso. Mzimayi yemweyo. Tsidya la msewu utsi unali tolo, Che Ajusa akukuwa, "Yonona lero! Yodya mpiru iyi!"

Kenako panaima minibasi. Anthu anasendera poganiza kuti mwina katundu wasinthidwa galimoto. Munatsika Nasibeko, chitenje cha maliro chili m'chiuno. Anaona gulu, anaona ngolo, anaona mwamuna wake mu jekete dzuwa lili phwee. Kenako anaona chikopa chitayanikidwa kuseri kwa chiwaya, chakuda, cha banga loyera pamsana.

"Amuna anga," anatero mofatsa, kufatsa koopsa kuja, "mbuzi yanga yavula malaya chifukwa chiyani?"

A Maliseni anafotokoza za njinga, za malata, za zitseko ziwiri. Nasibeko sanatsutse. Anangowagwira dzanja mpaka kwa Esinta, nati aimbire Layisoni, mawu amveke kwa aliyense.

"Achimwene!" anatero Layisoni. "Katundu wanji? Ine ntchito inatha kalekale, ndikugona m'galaja ya mnzanga. Bola mwaimba. Simungandithandizeko ya basi ndibwerere kumudzi?"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ngolo inabwerera yopanda kanthu, mwini wake akutukwana njira yonse.

Kutacha a Gwaza anabwera ndi ndodo yawo. Mlandu sunatalike. Mkamwini wogulitsa chiweto cha eni mudzi amanyamula zake n'kubwerera kwawo, ndipo za a Maliseni zinali zosavuta kunyamula. Anagwada, analira, anatchula Mulungu ndi makolo. Pomaliza a Gwaza anati akhale, koma azigona kukhitchini pamodzi ndi nkhuku mpaka m'khola mudzalirenso mbuzi.

A Maliseni anayamba ganyu youmba njerwa. Koma kukhitchini kuli utsi, kuli nthata za nkhuku, ndipo mbuzi siigulika ndi ganyu ya sabata imodzi. Anaganiza zodulira njira. Loweruka lina anasesa bwalo lonse, anatenthetsa madzi osamba, anagula sikono ndi botolo la chakumwa chozizira, anayala mkeka pamthunzi.

"Khalani apa, mayi. Pumulani, dona wanga. Kodi mukudziwa kuti Phalula yense mulibe mkazi wowala ngati inu? Zakale zija tiiwale."

Nasibeko ndi munthu, anamwetulira. Anakhala pamkeka, analuma sikono, anatsegula botolo. Likufika pakamwa, anaima. Anayang'ana kuchipata. Anadzuka, anakasuzumira kuseri kwa bafa, anasuzumiranso kunjira yochokera kumsika.

"Mukufuna chiyani, dona?"

"Ndikuyang'ana Che Ajusa ndi chingwe chawo."

Kuseri kwa mpanda kunamveka munthu akutsamwa ndi phwete. Nankhoma anali kale pamalo pake, mpango uli m'manja, wokonzeka kuthamangira kuchigayo.

Nasibeko anamaliza sikono, anamwa botolo lonse mpaka dontho lomaliza, analibweza m'manja mwa mwamuna wake.

"Zikomo, bwana. Koma mphasa yanu ikadali kukhitchini. Ine si woyamba kutchulidwa dona pakhomo pano, ndipo woyambayo tinamudya ndi tsabola. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi."