A Blasius ndi Dzina Limodzi Losowa

Ndinawadziwa a Blasius zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo sindinawaonepo akukhulupirira chinthu chimene chili chokha. Chilichonse chinkayenera kukhala ndi kope, kopelo likhalenso ndi linzake. Kalata yofunsira a Lukiya anailemba katatu. Imodzi anaiponya pa positi, ina anapatsira amalume a Lukiya, yachitatu anapita nayo okha kukaiwerenga pakhonde kuti aone ngati zonse zikufanana. A Lukiya ankati, "Ndinavomera msanga poopa yachinayi."

Tinkagwira ntchito pa ofesi ina ya zaulimi ku Balaka, iwo kalaliki, ine mesenjala. Sukulu ndinalekezera sitandade 4, koma kuwerenga ndimatha, ndipo bodza sindilemba.

Kompyuta itabwera mu 1989, matenda awo aja anapeza kwawo. Zolembedwa ankazisunga m'timbale takuda topyapyala totchedwa madisiki. A Blasius ankatikulunga m'chitenje ngati khanda. Munthu akalowa ndi wailesi, ankadzuka.

"Panja! Muli maginito m'menemo, mutidyera alimi a ku Nsamala!"

Potumiza madisiki ku Machinga ankakopera katatu. Ena ankakwera basi, ena sitima yodzera ku Nkaya, otsalawo ine pa njinga.

"Nanga basi, sitima ndi ine tikagwera mu Shire tsiku limodzi?" ndinawafunsa.

"N'chifukwa chake achinayi ali kudenga kwathu," anatero, osaseka.

M'chaka cha njala, 1992, kompyutayo inkasunga mayina a mabanja oti alandire chimanga, 41,206. Inayamba kulira ngati chigayo chotha mano, ndipo akuluakulu analamula kuti zonse zisamukire mu yatsopano ku Machinga. A Blasius anakopera masiku atatu. Patatha sabata anapita kukaonanso, monga mwa khalidwe lawo, n'kupeza 41,205.

"Dzina limodzi basi, a Blasius," anatero a Lucius, bwana wathu. "Thumba la chimanga likatayika njere imodzi mumalira maliro?"

"Njere siyenda wapansi kudzafunsa, bwana."

Anandikhazika pa benchi ndi mulu wa mapepala osindikizidwa ku makina akale. Ine ndinkatchula dzina, iwo n'kuyang'ana pa galasi la makina atsopano n'kuyankha kuti, "Alipo." Masiku khumi! Mawu anga anasasa, ogulitsa mandasi panja anayamba kumatiyankhira. Tsiku lakhumi titafika pa mayina a m'midzi ya ku Chikweo ndinati, "Habiba Swaibu." Kunali zii.

A Lucius anatseka chitseko, n'kulankhula motsitsa. Mwamuna wa mayiyo anatengedwa chaka chathacho ndi anthu a galimoto yopanda nambala, ati anayankhula mosasamala pamsika. Panabwera mawu kuti banjalo lisaoneke pa mndandanda, ndipo a Lucius analifufuta okha. Masiku amenewo wotengedwa sitinkamutchula ngakhale m'pemphero.

"Makina sanalakwe, inunso simunalakwe. Zisiyeni," anatero.

Lachisanu lake mayiyo anafika. Anali atayenda masiku awiri, mwana kumbuyo, wina kudzanja. Kolandirira chimanga anamuuza kuti dzina mulibe. Anakhala pansi pakhomo la ofesi, osapempha kanthu, n'kungofunsa kuti, "Achimwene, ngati dzina langa mulibe, ndiye kuti ine ndili kuti?"

A Blasius anavula magalasi. "Amayi, dzina lanu ndili nalo pa malo anayi. Silidzasowanso. Ndalonjeza."

Anakwera basi kupita kwawo ku Balaka, anatsitsa chitenje cha kudenga chija, m'mawa mwake n'kukoperanso mndandanda wonse kuyambira pachiyambi. A Lucius atawagwira dzanja, iwo anati, "Bwana, ine ndine wokopera, si wosankha. Kope losiyana ndi mayi wake ndi bodza."

Mndandanda unasindikizidwa uli 41,206. A Habiba analandira chimanga, ana aja sanafe. Izi ndinaziona ndi maso, chifukwa mapepala ndinakapereka ndine.

Patapita milungu itatu galimoto ija inaima pa ofesi dzuwa lili pamutu. A Blasius anandipatsa makiyi ndi chitenje. "Usachiike pafupi ndi wailesi," anatero. Ine ndinangoti chilili. Ndikulemba poyera kuti ndinachita mantha, ndipo anawatenga ine ndikuona.

Anabwera patatha miyezi inayi, ataonda, akutsokomola, dzanja lamanja likunjenjemera. Za kumene anali sananene. Chimene anandifunsa atangondiona n'chakuti, "Madisiki aja wawaona? Amaola ukawasiya." Mvula ya 1993 isanathe tinawaika m'manda.

Pamaliro anthu anali ochepa, ambiri ankaopa kuonedwa. A Lukiya atatsegula bokosi la malemu anapeza makope asanu ndi awiri a sukulu. Munali mayina onse a ku Chikweo, olembedwa ndi dzanja lonjenjemera lija, ndipo pamwamba pa tsamba lililonse dzina loyamba linali limodzi lomwelo. Ndinalitchula mokweza mosadziwa, chizolowezi cha pa benchi chija: "Habiba Swaibu."

Kumbuyo, kumene kunakhala amayi, wina wofunda mpango anayankha kuti, "Ndilipo."

Ofesi ija lero mumagona mileme. Ndikamadutsa masana sindiyang'anamo, chifukwa nthawi zina ndimamva benchi ikulira ndi mawu osasa akuti alipo, alipo. Chitenje chija chili kudenga kwathu, ndipo m'nyumba mwanga wailesi silowa. Makina otsegulira madisikiwo kulibenso, sindidziwa ngati mkatimo mwatsala kanthu. Koma makope a pamanja ndimawayanika chaka chilichonse mvula ikatha, ndipo dzina lija silinasowe.