Njereza yanga pa suti ya ankhoswe

Ine ndinayeretsa mlendo, anthuni, ndinamuyeretsa mbee ngati nkhuku yogwera mu ufa! Musaseke msanga, ndiyambe kaye.

Chinali chaka chija makuponi anatifika bwino kuno ku Lisasadzi, fodya ali tho m'chigafa, mtima wanga uli myaa. Mdzukulu wanga Tamanda, mwana amene ndinalera ndekha mpaka kukoleji, anandinong'oneza: "Agogo, Loweruka la mawa kukubwera ankhoswe ochokera kwa Kaluluma, kudzandifunsira ukwati."

Ndinavina, ndinavinanso, ndinalulutira mpaka mbuzi zinathawa. Kenako ndinayang'ana khoma la pakhonde: lakuda bii! Alendo akaona zotere, sadzati mtsikanayu wakulira m'khola? Ndinakagula laimu.

Tamanda (ameneyu anaphunzira zosakaniza mankhwala, akayamba kufotokoza amakhala ngati wailesi) anati: "Agogo, muviike masiku atatu, musefe pansalu, akhale wamadzimadzi. Khoma mulinyowetse, mupake pang'onopang'ono dzuwa lisanakwere. Njereza imagwirana ndi mpweya mosathamanga, n'kupanga timiyala ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Mukaiumitsa msanga, timiyalato sitigwirana, timangokhala fumbi."

"Tosaoneka ndi maso? Nanga iwe unationa ndi chiyani, ndi mphuno?"

"Agogo inu, mverani!"

"Ndamva, mayi aphunzitsi."

Sindinamve ayi. Sabata yonse ndinali kusankha fodya, laimu ali phee m'thumba. Lachisanu masana, Tamanda atapita kumsika, ndinathira laimu m'ndowa, timadzi pang'ono, n'kutakasa ngati phala la mwana wodwala. Dzuwa lili phwee, khoma lili gwa, ine phaa, phaa, phaa ndi tsache, nyimbo ili pakamwa. Ndinapaka, ndinabwereza, ndinabwerezanso. Nthawi yomweyo linauma. Kuwala kwake, mayo ine, ngati chipatala!

Loweruka anafika a Nyirenda, malume ake a mnyamata wofuna Tamandayo, munthu wamtali, suti yakuda yonyezimira. Ndinawaikira mpando penipeni pakhoma langa (ndimafuna aliyamikire, ndisaname). Anatsamira bwinobwino. Nkhani ikuyenda, iwo akugwedeza mutu, msana ukukhula, khoma likupereka.

Ataimirira kuti athokoze, anatembenuka. Kutsogolo munthu wa suti yakuda, kumbuyo wa kuchigayo! Kuyambira kunkhongo mpaka m'chiuno, mbee.

Ndinadzuka msangamsanga, n'kugwira khoma chifukwa cha mawondo angawa, n'kuthamanga kukawasasa. "Pepani bambo, pepani!" Pha, pha paphewa, pha, pha pachifuwa. Zikhatho zanga zinasindikizika, zala zonse khumi, mungathe kuziwerenga.

Tamanda, amene amasuzumira kukhitchini, anabisa nkhope m'chitenje. Ndinati basi, ukwati wa mwanayu ndausesa ndi tsache langa lomwe.

A Nyirenda anavula jekete, analiyang'ana uku, analiyang'ana uko. Mapewa anayamba kugwedezeka. Kenako chiphwete!

"Amama, ndayenda m'makomo ambiri, koma kuchoka woyera kuposa mmene ndinabwerera, n'kuno kokha. Mwana wa nyumba ino tikumufuna. Yewo!"

Ndinalulutiranso, misozi ili chuchuchu, ndikupukuta ndi manja omwewo mpaka nanenso nkhope mbee.

Lero Tamanda ali pabanja, ndipo a Nyirenda akamabwera amavala malaya oyera okhaokha. Timiyala tija sindinationebe. Laimu ndimatakasabe wolimba, masana, ndikuimba. Koma mipando ya alendo, eee, imeneyo ndimaika pansi pa mango.