Maluwa a m'dimba la a Mukhova

Pitirizani kuthira dothi m'machubumo, ana inu, mbande sizidikira. Ine ndikufuna makutu okha. Mwafunsa za mwambi uja ndinamuphera mnzanu dzulo atatuma wina ku msonkhano wa kalabu yathu. Chiyambi chake n'chotere.

Ku Bvumbwe kunali bambo wina dzina lake a Mukhova, mlimi wa ndiwo zamasamba. Dimba lawo linali m'mbali mwa kamtsinje, ndipo kabichi wawo mavenda ankachita kulimbirana asanafike n'kumsika komwe. Koma msana unadzawatembenukira. Khasu linayamba kulemera, keni yothirira ankachita kuikoka pansi. Mapeto ake ankangokhala pa chitsa n'kumaonerera akazi awo, mayi Eneti, akuthirira okha mabedi onse.

Tsiku lina mwana wawo Felesiya, amene ankagwira ntchito mu saluni ku Limbe, anabwera ndi nkhani.

"Ababa, kuli tsamba la pa intaneti lomwe akulembapo alangizi a zakudimba."

"Tsamba la chiyani? La mpiru?"

"Ayi ababa, la m'foni. Amaikapo dzina lanu, nambala yanu ndi zimene mumadziwa. Anthu a m'tauni ofuna kulima kuseri kwa nyumba amakupezani pamenepo n'kukuimbirani. Inu kwanu n'kuloza ndi ndodo basi, wogwira khasu ndi mwini wake. Loweruka kuli msonkhano wolembetsa ku loji ina ku Limbe. Ine ndidzakhala ku ntchito, koma inu musalephere."

Mayi Eneti anaomba m'manja. Anaona kuti amuna awo apeza ntchito yosafuna msana, ndipo iwo apeza pogwira polembera waganyu wothirira.

Koma a Mukhova mtima unali kwina. Foni yawo inali ya mabatani, zija zoseretsa chala ankaziopa ngati njoka. Ankadziona ataima pakati pa achinyamata, holo yonse ikuseka munthu amene Bvumbwe yense ankamuvulira chipewa. Loweruka m'mawa anaitana mlamu wawo Saizi, mchimwene wa mayi Eneti, munthu wosakana ulendo bola kukhale chakudya.

"Alamu, msanawu minibasi sindingaithe. Kandimverereni zimene akanene kumeneko, mukandilembetsenso."

"Bambo a Felesiya," anatero mayi Eneti, "dzana lomweli munakwera minibasi kupita ku mpira. Achimwene angawa ndimawadziwa ine, ngakhale ulaliki satha kuubwereza."

"Achemwali, musandinyoze," anayankha Saizi akuvala jekete la a Mukhova. "Makutu ndili nawo awiri."

Saizi anafika ku loji kuja msonkhano utayamba kale. Anakhala kumbuyo, pafupi ndi windo. Kunja kwa windolo kunali maluwa amene iye chibadwire anali asanawaonepo, ofiira, achikasu, ena okwera khoma ngati nyemba. Wolankhula kutsogolo ankasakaniza Chichewa ndi Chingerezi, ndipo Saizi, atamwa fanta ndi mabanzi, anatsamira khoma. Maso akatseguka ankaona maluwa, akatsekeka ankalota maluwa.

Anadzidzimuka mtsikana wolembetsa atamugwira paphewa.

"Bambo, tikulembeni ndani?"

"Lembani a Mukhova a ku Bvumbwe. Nambala ndi iyi."

"Amalangiza za chiyani?"

Saizi anakanda m'mutu. Kunena kuti kabichi pamalo okongola chonchi kunamuchititsa manyazi. Anasuzumira pawindo.

"Maluwa," anatero. "Maluwa a mtundu uliwonse."

Madzulo anafika kumudzi akuyenda ngati nduna.

"Alamu, nkhani yonse kumeneko ndi maluwa. Za masamba sindinamveko ngakhale liwu limodzi." Apa sananame, poti analidi m'tulo. "Anthu a m'tauni kabichi anatopa naye. Moti ndakulembetsani kuti ndinu katswiri wa maluwa."

"Maluwa! Ine duwa ndimalidziwa ndi la dzungu lokha."

"Ndiye phunzirani msanga. Dimba muli nalo."

A Mukhova anagona osagona. Kutacha analamula kuti mbande zonse za kabichi ndi tomato zizulidwe. Mayi Eneti anaima pakati pa mabedi atatambasula manja.

"Mufunse kaye Felesiya! Muimbireni mwana!"

"Kuti akandiseke kuti ndinathawa msonkhano? Alamu anamva ndi makutu awo."

Mayi Eneti anazula mbandezo akulira. Anazifesa okha, anazithirira okha, ndipo anazitayanso okha ku dzala. M'malo mwake munalowa mbewu za maluwa zimene Saizi anakagula m'timapepala tolembedwa Chingerezi.

Maluwawo asanamere bwino, foni inalira. Anali mayi wina wa ku Namiwawa, anati wawapeza pa tsamba lija, maluwa ake a marozi akufota. A Mukhova anavala jekete n'kupita. Anazungulira marozi aja ndi ndodo yawo, n'kuona kuti chomera ndi chomera basi. Anauza wantchito wa pakhomopo kuti athothole masamba onse am'munsi, athene nsonga ngati tomato, athire zitosi za nkhuku zosawola, zambiri ndithu. Pasanathe sabata marozi onse anapserera, kunangotsala timitengo taminga.

Mayiyo sanakalipe pa foni. Anangolemba pansi pa dzina la a Mukhova, pomwe aliyense amawerenga, kuti bambo awa anamuphera maluwa amene malemu amuna ake anadzala. Felesiya anaziona ali ku saluni. Anakwera minibasi tsiku lomwelo.

Atafika anaima m'mbali mwa dimba, osakhulupirira.

"Ababa, kabichi ali kuti?"

A Mukhova anaulula za Saizi ndi maluwa ake, Felesiya n'kugwira m'mutu.

"Msonkhano wonse unali wa ndiwo zamasamba! Mayi Nachuma a kutsidyaku anapita okha, foni yawo ya mabatani ngati yanu yomweyi, ndipo atsikana olembetsa anawalembera zonse popanda wowaseka. Lero akuchita kukana anthu. A maluwa analipo kale ambirimbiri, amene ankasowa ndi odziwa kabichi ngati inu."

Anayesa kukonza. Felesiya anaimbira eni tsamba, iwo anasintha mawu aja n'kulemba kuti ndiwo zamasamba. Koma dandaulo la mayi wa ku Namiwawa linatsala pomwepo, ndipo munthu akafika pa dzina la a Mukhova ankawerenga n'kupitirira. Foni sinalirenso. A Mukhova ankaitchaja m'mawa uliwonse, n'kuiika pa chitsa pambali pawo, n'kumaiyang'ana.

Maluwa aja anaphuka ndithu, dimba lonse linachita kuwala. Mayi Eneti anasenza dengu kupita nawo kumsika. Mavenda amene kale ankawathamangira anafunsa kuti, "Amayi, amenewa timathira tomato kapena nsinjiro?" Anabwera nalo dengu lili lodzaza, maluwa atawerama.

Nyengo ya kabichi inali itapita. Pakhomo panalowa njala, ndipo dimba analibwereketsa kwa ena. Felesiya anatenga makolo ake kukakhala nawo ku Bangwe, m'nyumba ya lendi yomwe bwalo lake linali la simenti. A Mukhova anadzala mpiru m'chigubu chodula, n'kumauthirira ndi kapu. Sankadandaula. Kamodzi kokha anauza akazi awo kuti, "Amake Felesiya, tsiku lija munanena zoona." Chaka chisanathe anatisiya.

Maliro anakaikidwa kwawo ku Bvumbwe. Ine ndinalipo. Obwereka dimba aja anali atalima mabedi onse, koma m'mphepete mwa kamtsinje maluwa anali atadzimerera okha. Saizi anakathyola mtolo waukulu, azimayi n'kuluka nkhata, ndipo manda a a Mukhova anakongola kuposa a munthu wina aliyense m'mudzimo.

Pobwerera kumanda, Saizi, maso ali ofiira ndi kulira, anayandikira mlongo wake kuti amutonthoze.

"Achemwali, mwaona? Ndinanena ine kuti maluwawa adzafunika."

Anthu ena anaphimba kukamwa ndi nsalu, kusowa kuti aseke kapena alire. Mayi Eneti anamuyang'ana mchimwene wawoyo. Sanamutukwane. Anangotembenukira kwa ife amene tinali pafupi, n'kunena motsitsa mawu:

"Inu otsala, kumene kukukambidwa za moyo wanu muzipita nokha. Kandimverere adakanena za m'maluwa."