Mmene Ndinachotsera a Zuze Ntchito

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa kwa zaka zingapo, ndipo ngakhale mkazi wanga amangodziwa theka lake. Sabata yatha Gift, mnzanga amene tinkagwira naye ntchito, ananditumizira kanema wa sitima yapamadzi ikumira, n'kundifunsa ngati ndikukumbukira. Iye ankafuna tiseke. Ine ndinayesa, koma phwete silinatuluke.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa kampani ina yothandiza amalonda kuombola katundu pa boda ya Mwanza. Chaka chimenecho mathiraki ochokera ku Beira anachepa kwambiri, moti masiku ena tinkangokhala pawindo kuwerenga mbuzi zodutsa. Panali mphekesera yoti akuluakulu a kampani ku Blantyre akufuna kuchepetsa antchito. Palibe ankaitchula pamaso pa abwana athu, Mayi Chirwa, koma aliyense anayamba kulawirira kuntchito, ngakhale aja ankadwala mutu Lolemba lililonse.

Lachiwiri lina m'mawa, kanema wa sitima ina yonyamula makontena ikumira m'nyanja yamchere anazungulira m'mafoni mwathu. Tinaunjikana kuonera makontena akutsetserekera m'madzi. Mercy, amene ankalandira alendo, anati sitimayo ndi ofesi yathu yomwe ino. Gift anawonjezera kuti sitima ikalemedwa, kapiteni amayamba wataya katundu wosafunika. Tinaseka, kuseka kwa anthu amantha. Apa mpamene satana anandinong'oneza (ndikungomunamizira, nzeru zake zinali zanga ndekha).

Ndinakhala pa kompyuta n'kulemba chidziwitso chabodza, m'Chingerezi chonenepa ngati cha akulikulu, pa pepala lokhala ndi chizindikiro cha kampani. Ndinati chifukwa cha namondwe amene wagwera sitima yathu, anthu otsatirawa akupemphedwa kudumphira m'madzi mwaulemu pofika Lachisanu. Ndinaikapo mayina asanu, lililonse ndi chifukwa chake. Gift chifukwa chomaliza shuga wa tiyi. Mercy chifukwa mawigi ake akulemetsa sitima. Ine ndinadziika kumapeto, kuti ndioneke wachilungamo. Nambala wani ndinaika a Zuze, mesenjala wathu, ati poti analowa m'sitimayi isanakhomedwe ndi misomali yomwe.

A Zuze anali bambo wachikulire, wofatsa, amene anayamba ntchito pakampanipo ine ndili ku pulayimale. Anakulira kutsidya kwa malire, moti Chipwitikizi ankachimvako, koma Chingerezi ayi. Zimenezi ndinkazidziwa bwino lomwe. Sizinandibwerere m'mutu.

Cholinga changa chinali kuonetsa Gift ndi Mercy basi, kenako n'kung'amba. Koma pulinta inakana kutulutsa pepalalo, monga mwa khalidwe lake. Ndinaimenya kawiri, n'kuisiya, tonse n'kupita kukadya kumsika. Tili konko inasintha maganizo.

Ntchito ina ya a Zuze inali kukhoma zidziwitso pabolodi. Anapeza pepala lija, anaona chizindikiro cha kampani, anaona dzina lawo pamwamba. Anatuluka nalo panja n'kupempha dalaivala wina wa thiraki kuti awawerengere. Dalaivalayo anali pachangu, anangoliyang'ana mothamanga n'kuwauza kuti madala, akuti muchoke pofika Lachisanu. A Zuze anabwerera, anakhoma pepalalo pabolodi mowongoka bwino, anasiya makiyi a njinga ya kampani padesiki pa abwana, n'kunyamuka wapansi.

Titabwerako tinapeza Mayi Chirwa ataima pabolodi, makiyi ali m'manja. Mlonda anali atawafotokozera kale zonse. Sanafunse kuti walemba ndani, poti za mawigi a Mercy ndinkazinena ndine tsiku lililonse. Sanakalipenso, ndipo bola akanakalipa.

"Pitani mukawatenge," anatero. "Mukawauze ndi pakamwa panu zimene mwachita."

Kwawo kwa a Zuze kunali kumapiri, cha kwa Kanduku. Ndinakwera kabaza, koma pachitunda chilichonse ndinkatsika n'kumayenda, nsapato zosongoka za muofesi zikundidya zala (wakabaza anandifunsa ngati ndikupita kumaliro, ndinati pafupifupi). Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinafika ndilibe ndi limodzi lomwe.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, atavala malaya akumunda. Akazi awo anali kuseri akuchapa yunifolomu ya kampani, ati kuti akaibweze yoyera. A Zuze anandipatsa mpando, ine ndinakhala pansi. Ndinafotokoza za kanema uja, za pulinta, za nthabwala. Ndikamalankhula ndinkadzimvera ndekha kupusa kwake, chifukwa nthabwala ukamaimasulira kwa munthu amene yamulasa imasanduka chipongwe chenicheni.

A Zuze anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anati anali atawauza kale akazi awo kuti mtsikana wawo wa folomu filii ayambe wapuma sukulu. Kenako anandiyang'ana.

"Ndiye pa anthu onse aja, achimwene, munaona kuti woyamba kutayidwa ndine?"

Ndinati zinali zocheza chabe, bambo.

"Zocheza ndamva. Ine ndikufunsa za nambala."

Pochoka, akazi awo anandipatsa manachesi m'kajumbo kuti ndizidya m'njira. Sindinadyeko ngakhale limodzi, ndinampatsa wakabaza.

M'mawa mwake a Zuze anabwera kuntchito yunifolomu isanaumitsitse. Sanaitchulenso nkhaniyo. Ine ndinalandira kalata yondichenjeza, ndipo amene anandibweretsera padesiki, ndi manja awiri, anali iwo omwe.

Patapita miyezi itatu, makalata enieni anafika kuchokera ku Blantyre. Mayi Chirwa anaitana anthu mmodzimmodzi, chitseko chotseka. Gift anatuluka ndi envelopu, maso ali pansi. Ine sanandiitane. A Zuze anatuluka ndi yawo, anaima pang'ono pakhomo, kenako anabwera molunjika padesiki panga. Ankamwetulira pang'ono, kumwetulira kwa munthu amene akuyembekeza kuti mwina.

"Achimwene, iyinso ndi yanu?"

Sindinalakelakepo kukhala wolakwa ngati tsiku limenelo. Ndinati ayi bambo, iyi si yanga.

Anagwedeza mutu, anakoka mpando n'kukhala. Anati abwana awafotokozera kale, koma akufuna ndiwawerengere ndine, m'Chichewa, liwu ndi liwu, osadumpha kalikonse. Ndinawerenga za kuchepa kwa ntchito, za kuwathokoza chifukwa cha kukhulupirika kwawo, mpaka dzina la amene anasaina. Mawu ambiri anali ofanana ndi aja ndinkaseka nawo. Nditamaliza anaipinda kalatayo bwinobwino, anandithokoza, n'kupita kukatsuka makapu a tiyi, poti tsiku linali lisanathe.

Wina akanasiya nthabwala tsiku lomwelo. Ine sindinasiyiretu, pakamwa panga sipamva malangizo. Koma dzina la munthu sindililembanso papepala, pokhapokha mwini wake atandituma.