Migolo ya Eni M'chipinda Changa

Lolemba, 25 Januwale

Msonkho ukufunika ulipiridwe pofika Lamulungu. Munthu wodzilemba yekha ntchito ngati ine alibe bwana womudulira pamalipiro. Umadziwerengera wekha, kudzidula wekha, n'kudzipepesa wekha. Komanso msonkhowo si umodzi. Wina mlingo wake amaika ndi boma la kuno ku Scotland, wina wa inshuwalansi ndi wa boma lalikulu la ku London. Maboma awiri, telala mmodzi.

Dzulo potuluka m'tchalitchi a Gondwe, oyendetsa takisi, anandikokera pambali. “Mayi, mukakhala ndi chipinda chogwiriramo ntchito, mbali ina ya lendi ndi magetsi mumachotsera pa msonkho. Amati maekisipensi.”

Chipinda ndili nacho. Kungoti sindilowamo. Muli izi:

migolo yabuluu ya Mayi Kachingwe, wapampando wa amayi kutchalitchi, yodikira kontena yopita kumudzi;
filiji ya a Gondwe omwewo;
masutikesi a anthu amene anamaliza sukulu n'kusamukira ku England;
matayala a galimoto, mwini wake ndinamuiwala.

Ine ndimasokera kukhitchini, madiresi a eni n'kumanunkha anyezi. Boma sindingalinamize, mapepala anga okhalira kuno sanakhwime. Ndiye pulani ndi iyi: katundu atuluke, makina osokera alowe, Loweruka ndikalembetse kwa akauntanti ndi mtima woyera kuti chipinda cha ntchito ndili nacho. Ndatopa ndisanayambe, koma chipinda chimenechi ndikuchifuna.

Lachiwiri, 26 Januwale

Ndatumiza uthenga kwa onse, mwaulemu kwambiri, mpaka kufunsa za ana.

Mayi Kachingwe: “Kontena ikunyamuka mwezi wamawa, mwana wanga.” Mwezi wamawa umenewu ndinayamba kuumva ndisanayambe kuvala magalasi.

A Gondwe: “Filiji ija ikadalipo?”

A masutikesi: wina watumiza kachithunzi ka manja opemphera. Wina nambala yake sikugwiranso.

Madzulo belu likulira. Ndi mayi wina wa kwaya, wanyamula zikwama zikuluzikulu, akupumira m'mwamba chifukwa cha masitepe okwerera kunyumba kwathu kuno ku Govanhill. Wamva kuti ndikulongosola katundu wa kontena. Ndikufuna kumufotokozera, iye akundithokoza kale. Ndamuphikira tiyi.

Katundu wachuluka kuposa dzulo.

Lachitatu, 27 Januwale

Ndayamba ndi matayala, poti alibe mwini woti andikwiyire. Kuwagubuduza m'masitepe limodzilimodzi mpaka pansi. Limodzi landipulumuka n'kukagunda chitseko cha agogo achizungu okhala pansi. Atuluka ndi kagalu kawo. Chingerezi cha kuno chikapsa mtima ndimangotolamo pang'ono, koma chala chawo ndachimva bwino: zinthu zisasiyidwe panjira yolowera, zibwerere kumwamba.

Zabwerera kumwamba.

Msana ukuwawa. Malisiti a nsalu ndi ulusi akadali m'jumbo, ena afufutika, lina ndapeza ndinalembapo muyeso wa chiuno cha munthu. Mvula kuyambira m'mawa. Diresi limene ndinalonjeza lero sindinaligwire n'komwe.

Lachinayi, 28 Januwale

Mayi Kachingwe abwera okha, osaimba foni. Akhala pampando, chikhoti osavula, akuyang'ana uku ndi uku ngati nyumbayi akufuna kuigula.

“Zovala za operekeza akwati paukwati wa mwana wanga ndimaganiza zoti musoke ndinu. Koma ndikuona kuti malo akuchepera. Mwina tisakupanikizeni.”

Sanakweze mawu. Amayi amenewa sakweza mawu. Ntchito ya ukwati umenewo ndi lendi yanga ya chilimwe chonse, ndipo theka la makasitomala anga limapita kumene Mayi Kachingwe aloza. Ndamva pakamwa panga pakunena kuti ayi, migolo si vuto, ndingoisuntha pang'ono ipume mpweya.

Ndiye ndaisuntha. Ili kuchipinda changa chogona. Pokagona ndikuchita kuyenda chammbali.

Ndakwiya, koma wokwiyira ndikumusowa. Amayiwa sanandikakamize. Ndadzikakamiza ndekha, ndikumwetulira.

Lachisanu, 29 Januwale

A Gondwe abwera kudzaona filiji. Aiona. Akuti m'takisi singalowe, koma andithandiza kuikankhira m'khonde, pafupi ndi bafa. Pochoka ayang'anitsitsa matayala aja. “Awa si anga awa?” Ndi awo. Atenga awiri, ena adzatenga akapeza malo.

Masutikesi ali kuseri kwa sofa. Zikwama za mayi wa kwaya zili pansi pa tebulo. Nyumba yonse yasanduka depoti ya basi.

Koma chipinda chili mbee!

Ndasesa, ndakolopa, ndapachika katani yosoka ndekha. Makina ndaika pawindo. Ndayatsa hita n'kusoka mpendero wonse wa siketi popanda kusuntha poto aliyense. Ndakhala kanthawi osachita kalikonse, kungomvera chete. Chifikireni m'dziko lino sindinakhalepo ndi malo oti nditseke chitseko n'kunena kuti muno ndi mwanga, mogwirira ntchito yanga. Misozi inatsala pang'ono.

Chisangalalo chandipusitsa. Ndajambula chithunzi, pansi poyera, kuwala kukulowa, makina sakuonekamo chifukwa ndinaima pomwe alipo. Ndachiika pagulu la amayi a kutchalitchi n'kulemba kuti, “Chipinda chakonzeka. Mulungu ndi wabwino.”

Ma ameni akungogwa.

Loweruka, 30 Januwale

Basi ya ku Shawlands, jumbo ya malisiti pamiyendo. Akauntanti ndi mayi wachizungu wodekha, wolankhula pang'onopang'ono ngati namwino. Ndikumuonetsa chithunzi monyadira. Akuti n'chokongola. Kenako akufunsa kuti chaka cha msonkho chimene tikulemberachi, chimene chinatha mu Epulo wapitayu, ndinkasokera kuti.

Kukhitchini.

Ndiye chipindachi, akuti, pafomu iyi sichikulowapo. Chidzawerengedwa kutsogolo, ngati ndipitiriza kugwiriramo ntchito. Akuwonjezera, mokoma mtima ndithu, kuti wogwirira ntchito pakhomo ali ndi kangachepe kamene amaloledwa kuchotsera malinga ndi maola ake, ngakhale akhale wosokera kukhitchini. Sipanafunike kunyamula tayala ngakhale limodzi.

Potsazikana akundiuza kuti boma likufunanso ndilipiriretu mbali ina ya msonkho wa chaka chotsatira. Ndalama ndisanaione, iwo aiona kale.

Ndaimbira a Gondwe ndili pamalo okwerera basi. “Aa, ine zimenezo amandipangira ndi akazi anga.”

Chitonthozo changa n'chimodzi. Chaka chino chapita, koma chipinda chilipo, ndipo pafomu yotsatira ndidzachilemba.

Lamulungu, 31 Januwale

Ndalipira m'mawa pafoni, maboma onse awiri, ndisanamwe tiyi. M'akaunti mwatsala fumbi.

Kutchalitchi, nthawi ya zolengeza, Mayi Kachingwe aimirira. Akuti pali mlongo wochokera ku Zomba, wabwera kudzaphunzira unamwino. Chipinda chimene analipira ku Partick, mumzinda momuno, asananyamuke kumudzi wapeza muli munthu wina, ndipo sabata yonseyi wakhala akugona pansi kwa anzake. “Koma taonani, abale. Tisanapemphe n'komwe, mlongo wathu telala wakonza kale chipinda. Chithunzi tonse tinachiona.”

Mpingo wonse m'manja. A Gondwe akuomba kuposa onse.

Ndatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za makina, za lendi, za fomu yotsatira. Ndatembenuka, ndamuona mlongoyo kumbuyo, waimirira, wavala kajekete ka kwathu koyenera Juni wa ku Zomba, milomo yauma, akundiyang'ana ngati ndine mayi ake. Nyengo yanga yoyamba yozizira kuno nanenso ndinagona pansi kwa eni, ndipo palibe anandifunsa kuti ndidzachoka liti.

Ndatseka pakamwa.

Tabwera limodzi pabasi. Ndamupatsa kiyi, ndamuonetsa podutsa pakati pa filiji ndi khoma. Wagona dzuwa lisanalowe, nsapato zokha ndiye wavula. Ndamufunditsa bulangete langa n'kumuyatsira hita. Magetsi amenewa palibe boma limene lidzandichotsere.