Maliro a Sajenti ku Maryhill

Anzanga, ine mumandidziwa, gawo langa kutchalitchi ndi kumvetsera. Munthu akandiuza vuto lake ndimalinyamula momwe wandipatsira, osathirako mchere, n'kukalitula kwa amayi anzanga a pemphero. Ndiye tamvani komwe zimenezi zinandifikitsa.

Lamlungu lina titaweruka, tikumwa tiyi m'holo, ndinaona Mayi Moira, mzungu wachikulire amene timaimba naye kwaya, akupukuta maso uku akucheza ndi mnzawo. Ndinasendera pafupi. Chingelezi cha kuno ku Glasgow mawu amatuluka atatafunidwa kale, komabe zimene ndinamva ndinamvadi.

"Sajenti wathu uja," anatero Mayi Moira, "kumuwombera pamlatho, mvula ikugwa, atatsala pang'ono kupuma pantchito! Zaka zonsezi Lamlungu madzulo amakhala m'nyumba mwanga. Ndikamuona akugwa ndimalirabe."

Mnzawoyo anati iye amakonda kwambiri ija anapha woimba limba. Ndinadabwa kuti munthu n'kukonda imfa bwanji, koma ndinati chisoni chimalankhulitsa zambiri. Ndinagwira dzanja la Mayi Moira n'kufunsa ngati malemuwo anali m'bale wawo.

"Kuposa m'bale, mwanawe," anatero.

Inuyo mukanatani? Madzulo omwewo ndinatumiza uthenga kugulu lathu la pafoni, mawu onse momwe ndinawamvera. Mayi Gondwe, mtsogoleri wathu, anandiimbira.

"Amayi Banda, mwamva bwinobwino? Wapolisi kuwomberedwa, nyuzi osanena?"

"Amayi," ndinatero ine modekha, "ndinayamba ndakunamizanipo?"

M'mawa mwake tinakwera basi ya ku Maryhill, kumene Mayi Moira amakhala, maduku kumutu, zitenje pamwamba pa majekete. Pokwera masitepe a fulati tinayamba nyimbo ya maliro chapansipansi monga timachitira kwathu tikamayandikira pasiwa, zitseko za anthu zikutseguka chimodzichimodzi, galu wa wina akutithandiza mavume. Mayi Moira atatsegula sitinapereke moni, tinangolowa, kulambalala sofa, n'kukhala pansi pakapeti miyendo titatambasula. Eni nyumba ali chilili ndi kapu m'manja. Mayi Gondwe ananditsina kuti ndiyambe.

Ndinapempheratu, abale! Ndinapempherera mkazi wa malemu, ana awo, apolisi anzawo, ngakhale wakupha uja kuti alape. Woimba limba uja sindinamuiwale.

Nditati ameni, Mayi Moira anafunsa mwaulemu kuti wamwalira ndani.

"Sajenti," ndinatero.

Mapewa a Mayi Moira anayamba kugwedezeka. Mayi Gondwe anadzuka n'kumawasisita pamsana, "Limbani mtima, mayi, limbani mtima." Koma mayiwo anatambasula dzanja, kutenga rimoti, kudina. Malemu aja ndi awo pa TV, onenepa bwino, ali m'galimoto akudya tchipisi!

Akupukuta misozi ya kuseka anatilongosolera kuti ndi sewero la apolisi ofufuza milandu, ndipo gawo limene Sajenti amafa ndi limene okonda seweroli amalitama kuposa onse. Iwo amalibwereza akangolisowa.

Ine ndinayang'ana kapeti, maluwa ake ndingathe kukujambulirani mpaka lero. Mayi Gondwe anatembenuka pang'onopang'ono.

"Amayi Banda, kuntchito ndatsanzika kuti ndili ndi zovuta. Mawa ndikawauze chiyani, kuti maliro adzuka?"

Mayi Moira anati popeza tabwera kale, tiwonere limodzi. Anatiphikira tiyi, ife tikadali pakapeti pomwepo chifukwa kusamukira pasofa kunali kuvomera mlandu. Ndiye mukudziwa amene analira mokweza Sajenti atagwa pamlatho paja? Ine ndemwe! Pajatu ndinali nditamupempherera kale, ndinkamuona ngati munthu wanga.

"Lirani ndithu," Mayi Gondwe anandinong'oneza, "anamfedwa ndinu."

Kupempherera anthu sindinasiye. Kungoti masiku ano munthu akandiuza za imfa, ndisanatsinzine ndimayamba ndafunsa mwaulemu: pepani, thupi lili kuchipatala kapena pa TV?